Jekete la Kapitawo wa Akufa

Rimuka, Kadoma
31 Julaye 2023

Mlongo wanga Dyness,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana wako Tawanda. Ine ndilipo, kungoti bondo lija latupanso, ndipo makutu ndi omwe aja ndinawasiya ku mgodi. Mwana wanga Ratidzo akuti ndizikuimbira pa foni yake. Ndiimbe chiyani poti ndimangoona milomo ya anthu ikugwedera? Kalata ndiyo foni yanga, ndipo Morrison woyendetsa kombi, minibasi ija, sanadandaulepo kuinyamula.

Nkhani yanga ndi iyi. Lachinayi lapitali ndinapita ku kiliniki kukaonetsa bondoli. Pobwera ndinapeza msomali wa kuseri kwa chitseko uli wokhawokha, jekete langa lakuda lija palibe. Ratidzo akuti kunabwera Tawanda kudzapempha chovala cha munthu wakale choti akajambulire filimu, iye n'kungolipachula n'kumupatsa. Akuti nanga si lakutha kale. Sindinamukalipire kwambiri chifukwa ndiye amandiphikira.

Jeketelo libwere. Musalichape, musalisite, lisagone panja. Pa 23 Ogasiti ndikufuna likhale pathupi panga, chifukwa popanda ilo sindikavota.

Iwe unakwatiwa ndi Mshona, mapepala ako anayenda kalekale, ndiye mwina waiwala za ine. Ndili ndi zaka 74 ndipo chala changa sichinalawepo inki ya chisankho. Pa chisankho cha ufulu mu 1980 ndinali gone m'chipatala, mwala utandiphwanya bondo lomweli. Kenako ndinalandira chitupa chachitsulo cholembedwa kuti ALIEN, ine wobadwira pa Gadzema pompa, amene Nyasalande ndinangoimva pakamwa pa bambo athu. Kuyambira pamenepo tsiku la chisankho ndinkangokhala m'nyumba, kuopa kuti pamzere wina angandifunse kwathu. Chaka chatha m'pamene ndinapeza kalata yanga yakubadwa, ndinatenga chitupa chatsopano cha nzika, n'kukalembetsa. Uno ndiye ulendo wanga woyamba, ndipo sindikudziwa ngati wachiwiri uliko.

Undiyankhe pa kombi yomweyi.

Ine mlongo wako,
Yobu


Pfupajena, Chegutu
4 Ogasiti 2023

Achimwene,

Kalata yanu Morrison anandipatsa pa msika ndili pa makina osokera. Kuno tili bwino, mphepo yokha ndiyo yatilowetsa fumbi mpaka m'miphika. Bondolo muzilithowa ndi madzi otentha, musamangoliyang'ana.

Koma achimwene inu, kalata yonse ija ya jekete? Ine poitsegula ndimati mwina mwapeza mkazi. Chisanza chija chinagulidwa Ratidzo asanabadwe, zigongono zake zikuwala ngati pansi pa poto, ndiye mukuti popanda icho simukavota. Kodi mwamva kuti kumeneko amayang'ana tayi? Ine ndavota kangapo nditavala chitenje chophikira, palibe anandibweza. Ndikudziwa, mukufuna mukatchene kuti amayi a ku Rimuka akuoneni.

Jeketelo lili bwinobwino, ndipo lapeza ntchito yaikulu. Mukudziwa kuti mphwanu Tawanda amadya za kamera, kujambula maukwati ndi maliro. Kuyambira ali wamng'ono ankakonda mafilimu oopsa, a mizukwa ndi anthu odulana makosi, ndiye pano akuti apange yake. Nkhani yake akuti munthu wina wolemera, mwini zigayo za golide, akufuna kukhala phungu koma amoyo sakumufuna. Ndiye akupita kwa sing'anga, sing'angayo n'kumudzutsira anthu onse amene anafera mu mgodi kuti akamuvotere. Tsiku la chisankho mzere ukuyambira kumanda. Wamoyo aliyense amene waima kumbuyo kwa wakufa, inki ya pachala chake siuma, imakwera dzanja, mkono, ikafika pakhosi munthuyo basi. Ine ndinamuuza kuti nthawi ya chisankho ino si yosewera ndi nkhani zotere, iye akuti m'filimumo mulibe chipani cha munthu.

Akufawo ali ndi kapitawo wawo, ndipo ndi amene akuvala jekete lanu. Akusewera ndi Admire wa ku butchala uja, wamtali wopanda mnofu. Amamupaka ufa ndi phulusa, akalivala, abale, ine ndemwe wodziwa kuti ndi Admire tsitsi linandiima. Akujambulira ku Gadzema, kufupi ndi manda akale a pa komboni kumene kunagona bambo athu a Useni. Amajambula dzuwa lili pamutu, mdimawo akuti adzauthira pa kompyuta.

Chinthu chimodzi chokha chandichititsa manyazi. Ndani anakusokerani nsalu ya m'kati ija? Ulusi wa nsapato, misoko ikuluikulu ngati thumba la chimanga. Mlongo wanu ndinagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ku fakitale ya nsalu, pano ndine telala, inu n'kumayenda ndi zoterozo. Ndimati ndiphwasule ndisokenso, Tawanda anandilanda, akuti kuipa kwakeko ndiye kukufunika.

Akamaliza libwera. Mupereke moni kwa Ratidzo.

Dyness


Chegutu
9 Ogasiti 2023

Sekuru,

Amayi akuti ndilembe kuti Amalume, ndiponso ndilembe m'Chichewa popeza Chishona mumachimva koma simuchiwerenga. Mukapeza molakwika museke pang'ono, si kwambiri. Muli bwanji ndi bondo?

Choyamba pepani kuti ndinatenga jekete inu kulibe. Ndinayenda misika yonse ya Chegutu ndi Kadoma kufuna lotere, kulibe. Lanu lili ndi fumbi la mgodi lenileni, ndipo kamera imalikonda.

Tsopano ndili ndi pempho, ndapota mulimve mpaka kumapeto. Filimu yatsala gawo limodzi, lomaliza. Anthu a m'mudzimo atha pafupifupi theka, wolemera uja watsala pang'ono kulengezedwa kuti wapambana. Ndiye namwino wina, amene ndi mwini nkhani, wazindikira kuti mphamvu ya akufa ili mu jekete la kapitawo wawo. Akumuvula, akulithira petulo, akuliyatsa pakhomo pa sukulu yovotera, ndipo akufa onse akugwa n'kusanduka fumbi. Ndayesa kupanga moto wa pa kompyuta koma ukuoneka ngati wa makatuni, anthu adzaseka m'malo moopa. Ndayesa kufuna lina lofanana nalo loti tiwotche, koma la Amalume lili ndi chigamba chofiira paphewa chimene chaoneka kale m'filimu yonse. Likufunika lomwelo, lipse zenizeni.

Amayi apita kale ku mabhero, kaunjika uja, ndipo akupezerani jekete labwino kwambiri, lotuwa, la mabatani atatu. Akulikonza kuti likukwaneni. Pa 23 mudzakhala bwana pamzere wonse, ndipo dzina lanu ndidzalilemba kumapeto kwa filimu.

Tikujambula gawolo Loweruka pa 19, chifukwa ku butchala Admire amupatsa tsiku limenelo lokha. Ndikudziwa kuti kulemba kumakutopetsani. Mukakana, lembani mzere umodzi, Morrison abwera nawo. Mukakhala chete, ndidziwa kuti mwalola.

Mphwanu,
Tawanda


Rimuka, Kadoma
11 Ogasiti 2023

Dyness ndi Tawanda,

Moni nonse. Aikona, ndakana. Jeketelo musaliwotche.

Ndimafuna ndisalembe zimenezi pa pepala loyenda m'manja mwa anthu, makamaka masiku ano, koma mwandikakamiza. M'kati mwa jeketelo, mbali ya kumanzere pansi pa mkhwapa, muli chitupa changa chatsopano cha pulasitiki, kalata yanga yakubadwa, ndi chitupa chakale chachitsulo. Misoko ukuinyozayo, Dyness, ndinasoka ndine.

Iwe unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene bambo ankamwalira, ndiye sungakumbuke. Bambo anayenda pansi kuchokera ku Dedza, kudutsa ku Tete, mapepala awo atawasokera m'jekete. Anzawo amene anaika m'thumba anaberedwa panjira n'kuthera m'mapulazi a fodya momwe sanafune. Pa komboni amuna onse ochokera kwathu ankachita chimodzimodzi, ndipo lamulo lake linali limodzi, malo a chitupa suuza munthu, ngakhale mkazi wako. Malemu mayi a Ratidzo anakhala nane zaka makumi anayi osadziwa. N'chifukwa chake ndinati musachape, musasite. Sikutchena ayi.

Tawanda, filimu yako imalize bwino, koma ufune china choyatsa. Jeketelo usapatse wa kombi. Ubwere nalo wekha, ndipo Lamulungu pa 20 lisadutse. Ndidzakhala pakhomo.

Mukawerenga kalatayi muing'ambe.

Yobu


Pfupajena, Chegutu
20 Ogasiti 2023

Achimwene,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Ife tili bwino, tangochokera ku tchalitchi. Kalatayi ndi phukusi ndatumiza ndi dalaivala wina, chifukwa Morrison sakuoneka pa siteji sabata ndi theka tsopano. Akuti kombi yake inabwerekedwa kuti izinyamula anthu opita ku misonkhano ya kampeni, lero ku Selous, mawa ku Norton.

Zikomo chifukwa cha chete wanu. Ndinamuuza Tawanda kuti amalume ako ndimawadziwa ine, mawu oti inde satuluka pakamwa pawo, akakhala chete ndiye kuti alola. Tsegulani phukusilo muone. Ndafupikitsa manja, ndasintha mabatani, m'thumba la pachifuwa ndaikamo kampango koyera. Lachitatu anthu adzayesa kuti ndinu wopikisana nawo.

Dzulo ndinapita nawo ku Gadzema kukaonerera. Akufawo analipo khumi ndi asanu ndi awiri, anyamata okumba golide a komweko, opakidwa ufa mpaka m'makutu, ataima pamzere wowongoka mapepala ovotera abodza ali m'manja. Kunali kutentha, ufa unkayenderera ndi thukuta, mmodzi foni inamulirira m'thumba ali wakufa, Tawanda anachita kuyambiranso katatu. Sukulu yovoterayo ndi chinyumba chakugwa cha pa komboni chimene anachipachika nsalu.

Itafika nthawi, mtsikana wosewera namwino uja anamuvula Admire jekete, analiponya pansi, petulo, machesi. Linayaka, achimwene! Lawi linafika m'mutu mwa munthu, utsi wakuda bii, ndipo kunamveka kafungo ngati ka chigubu chopsa, ine ndinati ndi thukuta lanu la zaka makumi anayi likutuluka. Akufa aja anagwa mmodzimmodzi. Amayi ena ogulitsa nthochi amene amaonerera anathawa kusiya madengu. Tawanda akuti sanajambulepo chinthu chokongola chotere.

Kunena zoona kamtima kanandipweteka pang'ono politaya, poti ndinakuzolowerani muli m'menemo. Tisanabwerere ndinapita kukazula udzu pa manda a bambo.

Mukavote bwino, ndipo mudzandiuze ngati m'mapewa likukwana.

Dyness


Pfupajena, Chegutu
21 Ogasiti 2023

Achimwene,

Sindikudziwa poyambira. Tawanda ndi amene wabweretsa kalatayi m'manja, ndamuuza kuti asachoke pakhomo panu mpaka muiwerenge. Ine sindingathe kuonana nanu maso ndi maso.

Morrison wabwera m'mawa uno pa msika. Wandipatsa kalata yanu ya pa 11, yopindika, ili ndi mafuta a galimoto. Akuti munamupatsa Lachisanu lija madzulo, anaiika kuseri kwa chotchingira dzuwa kuti abwere nayo m'mawa, ndipo m'mawa womwewo kombi inabwerekedwa. Waipeza lero potsuka galimoto. Ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinangozindikira ndakhala pansi pa simenti, azimayi anzanga akundipemerera mphepo.

Tinapita ku Gadzema nthawi yomweyo. Phulusa linali pomwe paja. Tinalisefa ndi manja, ine ndi Tawanda, kenako ndi sefa ya ufa imene tinabwereka kwa mayi wina. Zimene tapeza zili mu envelopu. Kachibulu kakuda ako ndi chitupa chatsopano, chinasungunuka n'kumatirira ku batani. Kalata yakubadwa palibe ngakhale kangodya. Chachitsulo chokha ndicho chatsala, chopindika. Ndachipukuta ndi sopo, nkhope yanu yafufutika, manambala atsala atatu, koma mawu aja oti ALIEN akuwerengeka bwinobwino.

Tawanda musamukalipire yekha. Iye anafunsa. Amene ananena kuti chete wanu ndi inde ndine. Ndipo jeketelo ndinaligwira m'manja mwanga, ndinamva kuuma pansi pa mkhwapa, ndinati ndi chigamba. Telala wa zaka zonsezi, ndinaona misoko ya munthu wobisa chinthu n'kuiseka. Munalemba kuti popanda ilo simukavota, ine n'kumati mukufuna kutchena. Ndikadangomulanda Tawanda tsiku lija n'kuphwasula, bwenzi zonse zili m'manja mwanu. Mtima ukundiwawa kwambiri, achimwene, ndipo ndikuchita manyazi.

Mawa m'mamawa Tawanda akutengereni ku ofesi ya zitupa, mwina pali chimene angachite. Akuti filimuyo aifufuta yonse, sakufunanso kuiona.

Mundikhululukire ngati mungathe.

Dyness


Rimuka, Kadoma
25 Ogasiti 2023

Mlongo wanga Dyness,

Ndikhulupirira wadzuka bwino. Ndamva kwa Tawanda kuti sukudya. Idya, njala yako sibweza pulasitiki.

Ndikuuze mmene zinayendera. Lamulungu ndinakhala pakhomo tsiku lonse kudikira jekete. Lolemba m'mawa kunafika phukusi ndi kalata yako yosangalala ija. Ndinaiwerenga kawiri, ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi. Pamene Tawanda ankafika masana ndi envelopu, ine ndinali nditalira kale, ndiye anapeza nkhope youma. Anagwada pakhomo, mwamuna wamkulu wandevu, mpaka ndinamuuza kuti adzuke anthu akuona.

Lachiwiri tinapita ku ofesi. Anatilandira bwino, anandipatsa mpando. Anati chitupa china chitheka, koma poti kalata yakubadwa yapsanso, tiyambire kumeneko, ndipo si ntchito ya tsiku limodzi. Sindinakangane nawo, ankanena zoona.

Lachitatu ndinadzuka, ndinameta, ndinavala jekete lako. Ratidzo anati mukupitiranji baba, mukangodzipweteka mtima. Ndinati ndinalembetsa kuti ndidzaima pamzere, ndiye ndikaima. Ndinaima maola atatu. Achinyamata ankati madala pitani kutsogolo, ndinakana, mzere umenewu ndaudikira nthawi yaitali, ndimafuna ndiumve m'miyendo. Palibe anandifunsa kwathu.

Nditafika pa tebulo ndinapereka chachitsulo chija ndi kachibulu kaja. Mtsikana wa pa tebulopo anazitembenuza, anaitana mkulu wake, anayankhulana. Kenako anandilembera pa kapepala, poona kuti sindikumva, kuti pepani sekuru, popanda nkhope ndi nambala sitingathe. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti andionetse ngati ndilimo m'buku. Anatsegula, anayendetsa chala, n'kutembenuzira bukulo kwa ine. Yobu Useni Mbewe, ndi kachithunzi kanga pambali. Ndinaika chala changa pamenepo kanthawi, chopanda inki, kenako ndinathokoza n'kutuluka. Zinandiwawa, Dyness, sindikubisira.

Za kukhululuka usavutike nazo. Iwe unaseka misoko, Morrison anaiwala kalata, Tawanda anayatsa machesi, koma amene anakhala chete pa kalata yoyamba ndine. Ndikadalemba mzere umodzi pa 31 Julaye bwenzi nkhani itatha. Lamulo la bambo linali la panjira ya ku Tete, pakati pa akuba. Ine ndinalisunga mpaka kubisira mlongo wanga wa bere limodzi.

Tawanda ndamuletsa kufufuta filimu. Dzulo anandionetsa pa kompyuta yake. Mawu sindinamve, koma ndinaona zonse, ndipo jekete langa lasewera bwino kuposa Admire. Ndinamuuza kuti chimodzi chokha analakwitsa. Manda akuoneka kumbuyo kwa mzere wa akufawo ine ndimawadziwa ndi mayina. Muli bambo athu, muli a Mwaiwawo amene anandiphunzitsa kugwira jekihama yobowolera miyala, muli anthu amene anakumba dziko lino mpaka mapapo kuuma osafunsidwapo kuti mukufuna akulamulireni ndani. Amenewo atadzuka sangapotole munthu khosi. Angachotse zipewa n'kufunsa mwaulemu kuti mzere ukuyambira pati. Tawanda anati ajambulanso mathero. Kaya apanga zotani, ndi ntchito yake.

Lolemba Ratidzo akundiperekeza kukayamba za kalata yakubadwa. Chitupa chikatuluka ndibwera nacho ku Chegutu, udzandisokere ndiwe, ndi ulusi wabwino, m'jekete latsopanoli, kumanzere pansi pa mkhwapa. Ndalemba poyera, ndipo kalata ino usaing'ambe. Uwerengere Tawanda, uwerengere Morrison, ngakhale azimayi a pa msika.

Chisankho china chili kutsogolo zaka zisanu, ndidzakhala ndi 79. Ndikadzakhalapo ndidzapita ndekha ndi ndodo yanga. Ndikadzapanda kukhalapo, mudzandiike ku Gadzema pafupi ndi bambo nditavala jekete lomweli, musadzaphwasule kanthu, ndipo Tawanda adzabwere ndi kamera m'mamawa chifukwa ine pamzere sindichedwa.

M'mapewa likukwana. Manja wafupikitsa kwambiri.

Ine mlongo wako,
Yobu